Unkhoswe wa Salome

Salome anakonda mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse, ndipo mwamunayo anali wa mng'ono wake. Ndayamba ndi chimenechi dala, chifukwa abale ake akamakamba za iye amazungulira ngati minibasi yosaka anthu. Amati anali wopemphera, anali wodekha, anamanga mabanja a anthu. Anamanga mabanja a anthu, inde, nanga lake? Ine ndine Idah, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo kuyambira tili atsikana, ndipo pakamwa panga anthu anapazolowera kale. Wokwiya akwiye.

Tinadziwana pa ntchito, pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni muno mu Blantyre, masiku amene foni inali isanayambe kuyenda m'thumba. Foni iliyonse yolowa pa kampanipo inkayamba yafika kwa ife, m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa masitepe, ife n'kuilumikiza kwa bwana amene akufunidwa. Ine kwathu ndi ku Nsanje, iye ku Chikwawa, ndiye tinagwirizana msanga poseka anthu a kumtunda kuno amene amati kwatentha dzuwa likangosuzumira. Salome anali wamtali, wakuda bwino, wa mawu ochepa. Mabwana ankamukonda chifukwa sankalakwitsa nambala. Ine ankangondipirira.

M'mawa uliwonse kunkabwera foni yochokera ku Limbe, kwa kalaliki wina wa kampani ya fodya, dzina lake Vitalis. Anthu ena onse akaimba ankangoti, "Ndipatseni bwana uje," ngati akulankhula ndi khoma. Uyu ayi. Ankayamba wafunsa mmene tadzukira, ngati kwathu mvula yagwa, ngati tamwa tiyi. Mawu ake anali ofewa, osathamanga. Nthawi ya foni yake ikayandikira, Salome ankandigwira mkono kuti ndisayankhe ine.

"Iwe, wayamba kukonda mawu?" ndinkamuseka. "Nanga akakhala kankhalamba kopanda mano?"

"Usiye zako, Idah," ankatero, koma akumwetulira yekha.

Sanali kankhalamba. Tsiku lina anabwera yekha kudzasiya mapepala, n'kusuzumira m'kachipinda kathu kaja. Mnyamata wosalala, malaya oyera mbee, thalauza yositidwa mpaka mzere wake ungakucheke chala. Anati wabwera kudzaona eni mawu. Kuyambira pamenepo ankati akaweruka amakwera basi kuchokera ku Limbe, kudzamudikira Salome pakhomo pa ofesi, kumuperekeza ku siteji, kumugulira chimanga chootcha m'njira. Onse anali Akatolika, nkhani sizinkawathera. Mawu akuti ndimakukonda sanawanene, ichi ndikuikira umboni. Koma abale inu, mtsikana amene akuperekezedwa madzulo alionse aganize chiyani?

Salome ankakhala ndi mayi ake ku Naperi, m'nyumba ya lendi, bambo ake atamwalira kale. Lamlungu lina anamuitana Vitalis kuti akadye nawo nkhomaliro akachoka ku Misa. Sabata yomweyo n'kuti mng'ono wake Felicia atangobwera kumene kuchokera ku sukulu ya uphunzitsi. Mlendo atagogoda, Salome anali kukhitchini akulimbana ndi mpunga ndi nkhuku, ndiye amene anatsegula chitseko ndi Felicia. Felicia anali wosiyana ndi mkulu wake ngati mchere ndi shuga: wolongolola, woseka ndi thupi lonse, wosaopa munthu. Pamene mpunga unkapsa, zinthu zinali zitatha kale pabalaza. Lolemba Salome anandiuza kuti mlendo anasangalala kwambiri. Anasangalaladi.

Chaka chisanathe kunali chinkhoswe cha Vitalis ndi Felicia. Salome anathamanga nacho ngati chake, kuphika, kubwereka mipando, kusoketsa zovala. Atandiona ndikumuyang'ana anati, "Usandifunse kanthu." Sindinafunse.

Pa chinkhoswe pamakhala kamasewera kaja kotulutsa atsikana atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, kuti mwamuna aloze wake. Felicia, pochenjera, anali atanong'oneza Vitalis kuti ayang'ane nsapato zofiira. Koma azakhali awo ena, mayi wa makutu akuthwa, anamva. Anamuvula Felicia nsapato zija n'kumuveka Salome, poti phazi lawo linali limodzi. Salome anakana, anachonderera, koma azimayi anamuseka n'kumufunditsa chitenje basi. Atsikana anatuluka pamzere. Vitalis anayang'ana pansi, osazengereza, n'kulunjika pa nsapato zofiira. Anapisa dzanja pansi pa chitenje n'kugwira dzanja la munthuyo.

"Wanga ndi uyu," anatero.

"Mwatsimikiza, bambo?" azimayi anafunsa, ena atagwira kale pakamwa.

"Ndatsimikiza. Ngakhale mudzandifunse mawa."

Atavundukula chitenje, ndi Salome. Kunali nthungululu, kunali kuseka, ena mpaka kugwa pamipando. Vitalis anagwira kumutu n'kulipira chindapusa akuseka nawo, kenako anamubweretsera wake weniweni. Ine ndinayang'ana nkhope ya mnzanga. Sanaseke, sanalire. Anali ngati munthu wochokera kolandira Ukaristia.

Madzulo tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba anandinong'oneza kuti, "Wamva, Idah? Wandisankha pamaso pa anthu onse."

"Wasankha nsapato, iwe!"

"Nsapato sizigwiridwa dzanja. Iwe sunamve mmene anandigwirira. Mtima wake unadziwa."

Mayo ine! Ndinalankhula tsiku limenelo, ndinalankhula chaka chotsatira, ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Sizinalowe. Masewera a azimayi ofuna kuseka pa chinkhoswe, iye anawatenga ngati malumbiro a m'tchalitchi.

Musaganize kuti amuna sankamuona. Mchimwene wanga weniweni, Gervazio, amene ankakonza injini za sitima ku Limbe, anamukonda Salome mosabisa. Sanali wokongola, zikhadabo zake sizinkayera ngakhale pa Khirisimasi, koma anali munthu wa mtima umodzi. Akapita kumudzi ankabwera ndi mlamba wouma ndi mbatata, theka n'kunditumiza kuti ndikasiye ku Naperi. Anamufunsira mwaulemu, anakanidwa mwaulemu, anadikira, n'kudzafunsiranso. Ine ndinkati, "Salome, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo." Iye ankati aGervazio ndi munthu wabwino kwambiri, sangawanamize. Pomaliza mchimwene wanga anandiuza kuti, "Achemwali, ndasiya. M'nyumba mwa mnzanuyu muli kale mwamuna, kungoti ife sitimuona." Anakwatira mkazi wa ku Luchenza. Lero ali ndi zidzukulu zodzaza bwalo, ndipo mkazi wakeyo wanenepa ndi mtendere umene ukanakhala wa Salome. Zimandipweteka mpaka pano.

Patapita zaka zingapo, atsibweni awo a Salome, amene anali nkhoswe ya Felicia, anamwalira kumudzi. Panafunika wina wolowa m'malo, poti banja lopanda nkhoswe likayaka moto palibe kothamangira. Mlongo wamwamuna analibe. Panali msuweni wawo wina ku Ndirande amene anthu ankamuganizira, koma Vitalis anapita yekha kwa apongozi ake n'kunena kuti bwanji aSalome, poti ali pafupi, ndi odekha, ndiponso masiku ano azimayi akugwira unkhoswe. Apongozi anavomera. Salome anabwera ku ntchito tsiku limenelo nkhope ili ngwee.

"Wapempha yekha, Idah. Wanditchula dzina."

"Ndiye ukusangalala? Ukudziwa ntchito ya nkhoswe, iwe? Likang'ambika banja lawolo, wosoka ndiwe. Kana!"

"Ndikane bwanji mng'ono wanga?"

Mng'ono wake, eti. Ndinangoyankha foni imene inkalira.

Nthawi imeneyo n'kuti Vitalis atakwezedwa pa ntchito, akukhala m'nyumba yaikulu ku Sunnyside, ya mitengo pabwalo ndi galimoto pakhonde. Awiriwo ankakangana kawirikawiri, poti Felicia sankameza mawu ndipo Vitalis anali atayamba kuchedwa ku malo omwera a mabwana. Mbale ikasweka, foni kwa Salome. Iye ankavala chitenje chabwino, kupita, kukhala pampando wa pakati, kumvetsera uyu, kumvetsera uyu, kudzudzula pang'ono, kupemphera nawo. Zikatha Vitalis ankamutenga pa galimoto kukamusiya kwawo. Kuchoka ku Sunnyside kufika ku Naperi ndi pafupi, munthu ukhoza kuyenda wapansi, koma Salome ankaukamba ulendo umenewo sabata yathunthu. Ankati alamu anatsegula wailesi, anafunsa za chifuwa changa, anati ankhoswe, popanda inu ine ndikanakhala ndani. Ukwati wake wonse mnzangayo unali umenewo, mpando wakutsogolo wa galimoto ya mlamu wake.

Zoipa sanachite, ndipo aliyense woganiza zimenezo abwere adzandifunse. Sanamugwirepo ngakhale malaya. Salome ankamutchula kuti alamu, Vitalis ankamutchula kuti ankhoswe, basi. Ana a m'nyumbamo, kuyambira woyamba Tamara, anakulira m'manja mwake. Ndiye amene ankagona nawo kuchipatala akadwala malungo, ndiye amene ankapita ku misonkhano ya makolo ku sukulu eni ake akatanganidwa. Anthu ankati Felicia ali ndi mwayi, mkulu wotere sapezeka.

Kenako kunagwa nkhani yaikulu. Zinadziwika kuti Vitalis ali ndi mwana kwa mkazi wina ku Bangwe, mwana woyenda kale. Felicia sanachite phokoso ulendo uno, n'chimene chinandiopsa. Anangolongedza, kutenga ana, n'kukafika ku Naperi kwa mkulu wake, mayi awo atamwalira kale. Anati watopa, banja lithe, ankhoswe akumane amumasule. Nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wake wa Vitalis, inalibe ponena, inangoti mng'ono wanga walakwa, zimene anene akuchikazi tidzamva. Nkhani yonse inatsala m'manja mwa Salome.

Ine ndinamuuza mosapita m'mbali. "Lisiye lithe. Mng'ono wako wazunzika mokwanira. Ndipo mwina ukamuona bamboyu ali yekha, wopanda womuchapira ndi kumusitira, udzamuona mmene alili, maso ako n'kutseguka."

Anali ngati wamva. Koma mawa lake masana Vitalis anabwera ku ofesi, n'kulowa m'kachipinda kathu kaja, ndevu zosameta, tayi ili m'thumba. Ine ndili pompo, osandiopa, anagwada pa simenti. Bwana wamkulu wa kampani ya fodya, maondo pansi! Anati, "Ankhoswe, musalole. Ndalakwa, ndikudziwa, koma Felicia akapita ine ndatha. Ndinu nokha amene angakumvereni." Analira ngati mwana. Ndinaona Salome akuwerama kuti amudzutse, ndipo ndinadziwiratu kuti Felicia waluza.

Anamukhalira mng'ono wake pakhosi masiku ambiri. Banja ndi kupirira, ganizira ana, ganizira mpingo, amuna onse ndi chimodzimodzi, munthu wagwada ufunanso chiyani. Loweruka lina ndinapita kukaona anawo, ndipo ndinawapeza ali mkati mwa nkhani yomweyo pakhonde. Felicia anamvetsera mpaka mkulu wake atamaliza, kenako anamuyang'ana m'maso.

"Achemwali, ndikufunseni. Inu ndinu nkhoswe yanga kapena yake?"

Salome anawerama n'kuyamba kukonza chitenje chake.

"Chabwino, ndamva," anatero Felicia. "Ndibwerera. Kuno kulibe kwathu."

Anabwereradi ku Sunnyside, ndipo anakhala komweko mpaka imfa. Anthu anamutama Salome kuti ndi nkhoswe yeniyeni, mpaka mabanja ena a kutchalitchi anayamba kumuitana kuti akawaluzanitse. Koma Felicia uja woseka ndi thupi lonse sitinamuonenso. Kwa mkulu wake ankapereka moni, ankapereka tiyi, ankafunsa za nkhuku, osapitirira pamenepo. Salome anataya mng'ono wake kuti mwamuna asalire, ndipo iye mwini ankadziwa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Felicia sanandikhululukire." Ndinati nanenso ndikanakhala iye sindikanatero.

Zaka zinapita. Mafoni a m'manja atabwera, kachipinda kathu anakasandutsa mosungira matsache, ife n'kutipumitsa. Salome anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chigumula, n'kumalima chimanga kuseri, n'kumaweta nkhuku. Ine ndinapeza lendi chapafupi, mwamuna wanga atamwalira, ndiye tinkaonana tsiku ndi tsiku. Chimanga choyamba kucha chinkapita ku Sunnyside. Mazira abwino, ku Sunnyside. Ankakwera minibasi ziwiri ndi dengu pamiyendo, nkhalamba ya imvi, kukasiya pakhomo pa bambo amene akanatha kugula msika wonse wa Limbe. Ndikamunena ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkati nkhono yakoyo inafa kalekale, watsala ndi chigoba.

Felicia anadwala matenda a shuga nthawi yaitali, kenako impso zinakana. Salome anamusamalira mpaka mapeto, kumusambitsa, kumutembenuza, ndipo pamaliro analira kulira kwenikweni, kosanamizira. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ankadikira imfa ya m'bale wake. Ayi. Koma mtima ndi mtima, suvala nsanza, ndipo miyezi itapita ndinayamba kuona kuti mnzanga akudziyang'ana pagalasi.

Panatsala mwambo womusudzula Vitalis, kuti akuchikazi amumasule, akhale mfulu wokwatira kwina ngati afuna. Sabata ya mwambowo kunabwera azimayi akuluakulu ochokera ku Chikwawa, motsogozedwa ndi mayi ake aang'ono a Salome, nkhalamba yolimba ngati mtondo. Anafikira ku Chigumula. Ndili pomwepo tikusenda nandolo, mayiwo anati kwawo mkamwini wabwino samutaya. Mkazi akamwalira ndipo pali m'bale wake wopanda banja, akuluakulu amatha kumupereka kuti alowe m'nyumbamo, ana ndi zidzukulu asaone nkhope yachilendo. Anatembenukira kwa Salome.

"Iwe ukuti bwanji, mwana wanga?"

Salome anayang'ana m'lichero. "Zili kwa inu akuluakulu, amayi."

Lichero linamupulumuka, nandolo n'kumwazika pansi. Mawa lake anapita yekha kukafunsa abambo mfumu ngati mpingo ungalole, ndipo anabwera akuti palibe choletsa. Tamara atamva anati ana onse asangalala, poti kale lomwe amayi aakulu ndi mayi wawo. Salome anandipempha kuti ndimuperekeze kwa telala ku Limbe. Anasankha nsalu yobiriwira ya maluwa ang'onoang'ono, ndipo poyezedwa ankachita manyazi ngati namwali. Ine ndemwe, amene ndinatsutsa nkhaniyi moyo wanga wonse, ndinayamba kuipempherera. Ndinati Ambuye, munthuyu wadikira mokwanira, mupatseni ngakhale zaka zochepa zomuthirira tiyi bamboyo m'kapu yake.

Mwambo unachitika Loweruka m'mawa pabwalo la nyumba ya ku Sunnyside, pansi pa mtengo wa mango. Amuna pamipando, ife pamikeka. Vitalis anakhala pakati, ataonda, mutu uli mbuu, chipewa chili pabondo. Atatha mapemphero ndi malonje, mayi aang'ono aja anakonza pakhosi n'kulankhula bwinobwino. Anati bambo, mwana wathu munamusunga, zolakwa zinalipo koma munazikonza. Ife sitikufuna kukutayani. M'banja mwathu muno muli mkulu wake wa malemu, mukumudziwa, ana akumudziwa. Ngati mtima wanu ungalole, ife tikumupereka kwa inu.

 Salome anali pambali panga, diresi yobiriwira ija ili m'thupi, mutu uli pansi. Ndinkamva kupuma kwake.

Vitalis anatembenuza chipewa chija kangapo. Kenako analankhula ndi mawu ake ofewa aja.

"Amayi, mwandilemekeza kwambiri, ndipo ndikusowa mawu othokozera. Koma aSalome ndi ankhoswe anga. Andiweruza, andidzudzula ngati mwana, aona manyazi anga onse. Ndagwadapo pamaso pawo. Kwa ine iwowa ndi kholo. Kodi munthu angakwatire kholo lake? Zingakhale malaulo."

Amuna pamipando anagwedeza mitu. Wina anati walankhula mwanzeru, nkhoswe ndi nkhoswe. Ngakhale azimayi a ku Chikwawa aja anayang'anana n'kuti zoona, pamenepo sitinaganizepo. Palibe amene anaona kuti munthu waphedwa pamkeka. Ntchito yomwe ija imene anaigwira zaka zonse kuti akhale pafupi ndi bamboyo, ndi imene inamutsekera chitseko.

Ndiye mwambo unayenera kupitirira, ndipo wonena mawu omasula ndi nkhoswe ya kuchikazi. Maso onse anatembenukira kwa Salome. Ndinamugwira chitenje kuti mwina anene kuti mutu ukumupweteka, wina alankhule m'malo mwake. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, n'kusendera kutsogolo, n'kugwada.

"Alamu," anatero, mawu osagwedera ngakhale pang'ono, "m'bale wathu munakhala naye mpaka tsiku lake lomaliza. Tilibe nanu mlandu. Lero takusudzulani. Ndinu mfulu. Mukapeza wokusamalani, ife tidzamulandira ndi manja awiri."

Anthu anaomba m'manja. Kenako anadzuka n'kupita kukhitchini kukathandiza kugawa chakudya.

Pobwerera tinasinthira minibasi ku Limbe. Titakwera minibasi ya ku Chigumula, titapanikizana kumbuyo ndi matumba a anthu, ndipamene anatsegula pakamwa.

"Waona mmene waondera? Ndani azimuphikira tsopano?"

Ndinaphulika, abale. Ndinaiwala kuti tili pagulu. Ndinati Salome, munthu wakuvula pamaso pa mtundu wako wonse, iwe ukuganiza za m'mimba mwake? Kondakitala mpaka anatembenuka n'kuti, "Amayi, pepani, tiloleni tifike nayo bwino galimotoyi." Salome anangoyang'ana pawindo. Misozi inatsika, iye osaipukuta, ndipo ine ndinachita manyazi.

Womuphikira anapezeka msanga. Chaka chotsatira Vitalis anakwatira mayi wina wamasiye wa kutchalitchi kwawo, namwino wopuma ntchito. Salome anapita ku ukwatiwo, anavina nawo pelekanipelekani, anapereka mphatso ya mapoto. Chimanga choyamba chinapitirira kupita ku Sunnyside, kungoti tsopano ankasiya pageti kwa mlonda. Diresi yobiriwira ija anampatsa mtsikana wa neba.

Sanakhalitse pambuyo pake. Anayamba kudandaula m'mimba, anaonda, achipatala anati tachedwa. Ndinasamukira m'nyumba mwake, ine ndi Tamara tinkasinthana pomusamalira. Galimoto ikamveka kumsewu ankatukula mutu n'kufunsa kuti ndani. Vitalis anabwera kamodzi, ndi mkazi wake watsopano ndi phava la nthochi, anakhala pang'ono, anapemphera, n'kupita. Salome anandiuza kuti nthochizo ndisapatse aliyense. Zinaolera pawindo, poti iye n'kuti atasiya kale kudya. Anamwalira m'mwezi wa Juni, m'mawa, chiperoni chikuwaza.

Tsiku loika maliro, bokosi lisanatuluke, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukatunga madzi. Ndinamupeza Vitalis ataima yekha m'mphepete mwa kamunda kaja, pakati pa mapesi ouma, akupukuta m'maso ndi mpango. Ndinaika chidebe pansi. Ndinati lero ndi lero.

"AVitalis, mnzanga wapita, palibenso woti achite manyazi. Ndiuzeni chinthu chimodzi. Zaka zonsezi, inu simunadziwe kuti mayiyu amakukondani?"

Ndinkayembekeza kuti adabwa, kapena akana. Sanadabwe.

"Ndinkadziwa, aIdah," anatero. "Ndinadziwa kalekale, tisanakwatirane n'komwe ndi malemu Felicia."

 "Munkadziwa? Nanga unkhoswe uja munawapemphera chifukwa chiyani? Simukanawasiya apite kutali, akuiwaleni, apeze banja lawo?"

Anapukutanso m'maso. "Ine ndimadzidziwa, mayi. Ndinali munthu wofooka, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzalakwa kwambiri. Nkhoswe ina iliyonse ikanamulola Felicia kuchoka. Iwowa sakanalola kuti ine ndivutike. Anandisungira banja, aIdah. Mayi ameneyu sadzapezekanso."

Ankanena ngati akumuyamikira. Ndicho chinandipweteka koposa, kuti bamboyo ankalira zenizeni, ndipo mumtima mwake sankaona cholakwa chilichonse. Ndinayang'ana chidebe chija, ndinayang'ana mutu wake wa imvi, ndipo Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja. Kutsogolo kwaya inayamba nyimbo. Iye anapinda mpango wake bwinobwino, n'kuuika m'thumba, n'kupita kukaima pamodzi ndi achibale pafupi ndi bokosi.

Ine kumanda ndinayenda kumbuyo kwenikweni, ndekha. M'njira monse ndinkathokoza Mulungu kuti mnzanga wapita asanamve mawu amenewo. Koma titafika, akutsitsa bokosi, ndinazindikira kuti ndikudzinamiza, ndipo ndipamene ndinalira mpaka azimayi kundigwira. Salome ndinkamudziwa ine. Akanamva, sakanakwiya ngakhale pang'ono. Akanandigwira mkono, nkhope ili ngwee, n'kunena kuti, "Waona, Idah? Ankadziwa."